Huddersfield: sitima, mabasi ndi nyumba za khonsolo, thandizani wobwera kumene

Wachilendo
Moni nonse akuluakulu. Mchemwali wanga akubwera ku Huddersfield mwezi wamawa kudzayamba sukulu pa yunivesite, ndipo adzatsikira pa bwalo la ndege la Manchester ndi masutikesi awiri. Ndikupempha odziwa tauniyi atiunikire. Achoke bwanji pa bwalo la ndege kukafika ku Huddersfield? Agule tikiti yanji yoti isamugwetse m'mavuto? Nanga akafika, maofesi a khonsolo ndi laibulale ali mbali iti? Zikomo kwambiri.

Wa Njanji
Takulandirani achimwene. Mtima pansi, ulendowu ndi wosavuta. Bwalo la ndege la Manchester lili ndi siteshoni yakeyake ya sitima, munthu amangotsata zikwangwani kuchokera pomwe watengera katundu. Akatsikira ku Terminal 2 pali kamtunda ndithu koyenda pansi m'khonde lofolera, choncho asasiye msanga kangolo konyamulira masutikesi.

Kampani yomwe sitima zake zothamanga zimadutsa ku Huddersfield ndi TransPennine Express. Masiku abwinobwino pamapezeka sitima yochoka pa bwalo la ndege mpaka ku Huddersfield osasintha, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Ikasowa, akwere yopita ku Manchester Piccadilly, akasinthire kumeneko yolowera ku Leeds. Apa asamale: Manchester ili ndi masiteshoni awiri akuluakulu, Piccadilly ndi Victoria, ndipo sitima za ku Huddersfield zina zimachokera uku, zina uko. Masiteshoniwa sanayandikane moti munthu wa masutikesi awiri angathamange, pamafunika thiramu (kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni) ya Metrolink kapena kuyenda mphindi 20.

Za tikiti: asagule ya Advance. Imeneyo ndi yotchipa, inde, koma imagwira pa sitima imodzi yokha, ya nthawi yomwe yalembedwapo. Mzere wa a zolowa ndi kutuluka ukatalika, kapena sutikesi ikachedwa kutuluka, ndalama ija yapita. Agule akafika, pa makina kapena pa windo, ya Anytime (yogwira nthawi iliyonse) kapena ya Off-Peak (yogwira nthawi yomwe anthu sachuluka) malinga ndi nthawi.

Namaseko
Ndiwonjezere pamenepo a Njanji. Pa tikiti pamakhala mzere wolembedwa "Route" kapena "Valid on". Ikalembedwa kuti ndi ya TransPennine yokha, simungakwere nayo sitima ya kampani ina ya Northern, ngakhale zonse ziwiri zikupita malo amodzi ndipo zaima pa pulatifomu imodzi. Yolembedwa "Any Permitted" ndiyo imalola kampani iliyonse. Anthu ambiri obwera kumene amagwidwa apa, chifukwa maso amangoona dzina la tauni basi.

Ndipo asakwere asanagule. Kukapezeka wopanda tikiti yoyenera, chindapusa chake ndi £100 kuphatikizapo mtengo wa ulendowo, kuyambira January 2023. Ukalipira pasanathe masiku 21 chimatsika kufika pa £50. Kunena kuti "ndimafuna ndigulire m'sitima" sikuthandiza ngati pa siteshoni pomwe wakwerera panali makina ogwira ntchito.

Wachilendo
Zikomo amayi. Nanga ndamva kuti siteshoni ya Huddersfield ikukonzedwa, ikugwira ntchito koma?

Wa Njanji
Ikugwira, koma izi ndiye zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa zimasokoneza anthu kuposa china chilichonse zaka zino. Pali ntchito yaikulu yotchedwa Transpennine Route Upgrade, yokonza njanji yonse kuchokera ku Manchester, kudutsa Huddersfield ndi Leeds, mpaka ku York. Akuika nthambo zamagetsi pamwamba pa njanji, ndipo pakati pa Huddersfield ndi Dewsbury akuwonjezera njanji kuti zikhale zinayi m'malo mwa ziwiri. Cholinga chake n'choti sitima yothamanga izitha kupitirira yoima paliponse. Panopa yoima paliponse ikachedwa pang'ono, yothamanga imangoyenda pambuyo pake ngati ng'ombe yotsata ngolo, ndipo kuchedwako kumafalikira mpaka ku Liverpool ndi ku Newcastle.

Chifukwa cha ntchitoyi siteshoni inatsekedwa kwathunthu masiku 30, kuyambira kumapeto kwa August mpaka kumapeto kwa September 2025, ndipo itatsegulidwa inabwerera ndi mapulatifomu ochepa. Loweruka ndi Lamlungu ambiri njanji imatsekedwa mbali ina. Zikatero pamachitika ziwiri: sitima zimazungulira njira ya Calder Valley n'kumaima ku Brighouse, kapena amaika mabasi olowa m'malo mwa sitima. Mabasi amenewo tikiti yake ndi ya sitima yomweyo, simulipiranso, koma amatenga nthawi yaitali kwambiri ndipo njinga salola. Choncho mchemwali wanuyo ayang'ane pa webusaiti ya sitima ya National Rail Enquiries tsiku lenileni lomwe adzafike, ndipo adzayang'anenso kutatsala tsiku limodzi. Ngati n'kotheka kusankha, afike pakati pa sabata.

Malume a ku Fartown
Adzukulu, mwalankhula za njanji koma siteshoniyo simunaifotokoze, pamene ndiyo nyumba yoyamba imene mlendo adzaione. Akatuluka pa chipata asathamangire takisi, ayende masitepe makumi awiri pa bwalo la St George's Square, atembenuke. Adzaona ngati nyumba yachifumu: khonde lalitali la nsanamira zisanu ndi imodzi kutsogolo, mapiko awiri aatali uku ndi uku, zonse za mwala wachikasu wa kuderali. Kutalika kwa nkhope yake yonse ndi mamita pafupifupi 127. Anaijambula ndi James Pigott Pritchett wa ku York, mwala woyamba unaikidwa mu 1846, sitima zinayamba kuima mu 1847, ntchito inatha mu 1850. Ili m'gulu la Grade I, gulu lapamwamba kwambiri la nyumba zotetezedwa ndi lamulo ku England.

Chimene ambiri sadziwa n'chifukwa chake ili ndi tinyumba tiwiri tofanana kumapeto kwa mapikowo. Siteshoniyi inali ya makampani awiri a njanji, ndipo iliyonse inali ndi ofesi yakeyake yogulitsira matikiti, ina kumanja ina kumanzere. Lero tinyumbato ndi malo omwera mowa, Head of Steam ndi King's Head. Mu 1968 khonsolo ya tauni inagula nyumba yakutsogoloyi kuti isagwetsedwe. Ndiye chifukwa chake ntchito ya panopa ikuyenda mosamala chotere: denga lachitsulo la m'zaka za m'ma 1880 akulikonza chidutswa ndi chidutswa, ndipo kanyumba kamatabwa komwera tiyi komwe kanali pa pulatifomu anakaphwasula thabwa lililonse n'kulilemba nambala kuti akamangenso mmene kanalili.

Pakati pa bwalopo pali chiboliboli cha munthu akuyenda, dzanja lili m'thumba la jekete. Ameneyo ndi Harold Wilson, mwana wa ku Huddersfield wobadwa mu 1916, nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1964 mpaka 1970 komanso 1974 mpaka 1976. Chibolibolicho chinaikidwa mu 1999, ndipo ndi malo abwino opanganirana kukumana, aliyense amachidziwa.

Mzambia wa ku Lockwood
Amalume, Wilson ameneyo ife a ku Zambia timamukumbukira pa chifukwa china. Analowa pa mpando pa 16 October 1964, Zambia n'kulandira ufulu pa 24 October, patangopita masiku asanu ndi atatu. Chaka chotsatira, Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mwa iye yekha, nkhani yonse inagwera pa tebulo la Wilson yemweyu. Malawi anali atalandira kale ufulu mu July, iye asanalowe.

Pa bwalo lomwelo, pafupi ndi siteshoni, pali George Hotel. M'menemo pa 29 August 1895 ndi momwe makalabu a kumpoto anakumana n'kupatuka ku bungwe la rugby la dziko lonse, pa mkangano wolipira osewera omwe ankajomba ku ntchito za m'mafakitale ndi m'migodi. Ndiko kubadwa kwa rugby league. Hoteloyi inatsekedwa mu 2013, khonsolo inaigula mu 2020, choncho mlendo asaiwerengere ngati malo ogona asanafunse. Mukakweza maso kutsidya kwa bwalo muona mkango utaima pa denga la Lion Chambers. Womwe ulipo pano ndi wa pulasitiki yolimba, unalowa m'malo mwa woyamba uja utawonongeka.

Mayi a Mapasa
Tibwerere ku za mayendedwe, chifukwa mwana wa sukulu adzakwera basi kuposa sitima. Depoti ya mabasi siili pa siteshoni. Ili pa msewu wa Upperhead Row, mphindi zisanu poyenda pansi, kokwera pang'ono. Inatsegulidwa mu 1974, ndipo pamwamba pake pali malo oimikapo magalimoto. M'katimo basi iliyonse ili ndi chitseko chake chokhala ndi chilembo, ndipo chitsekocho chimatseguka basi ikafika. Koma si mabasi onse omwe amalowa mu depoti. Angapo a m'madera oyandikira amaima m'misewu ya pakati pa tauni, ndiye munthu akhoza kudikira m'depoti basi yake ikudutsa panja. Ayang'ane pa webusaiti ya Metro, bungwe loyang'anira mayendedwe ku West Yorkshire, imasonyeza siteji yeniyeni.

Kakweredwe kake nkosiyana ndi kwathu. Kondakitala kulibe, woitanira kulibe. Basi ikamabwera tambasulani dzanja, apo ayi dalaivala amadutsa ngakhale akuoneni mwaima pa siteji. Mumalowera kutsogolo, kulipira kwa dalaivala, ndipo khadi ya ku banki yongogunditsa imagwira. Potsika dinani belu siteji yanu isanakwane, kamodzi kokha. Mtengo wa ulendo umodzi m'kati mwa West Yorkshire unali £2 kuyambira September 2022, ndipo unakwera kufika £2.50 kumapeto kwa March 2025. Tikiti ya tsiku lonse ya MCard DaySaver inafika pa £6. Werengerani nokha: maulendo awiri ndi £5, atatu ndi £7.50, choncho mukadziwa kuti mukwera katatu, gulani ya tsiku lonse pa basi yoyamba.

Msampha uli apa: makampani ndi angapo, First, Arriva, Team Pennine ndi ena ang'onoang'ono. Tikiti ya sabata ya First siigwira pa basi ya Arriva. Ya MCard ndiyo imagwira pa onse. Musanagule ya sabata kapena ya mwezi, onani kaye kuti msewu wa kunyumba kwanu umayendedwa ndi kampani iti.

Namaseko
Zoona amayi, ndipo chisokonezo chimenechi ndicho chinachititsa meya wa West Yorkshire, Tracy Brabin, kulamula mu March 2024 kuti mabasi abwerere m'manja mwa boma la chigawo, monga anachitira a ku Manchester. Njira, mitengo ndi nthawi zizidzakhazikitsidwa ndi boma, makampani azidzangoyendetsa pa kontirakiti. Dzina lake ndi Weaver Network, ndipo akuti ziyamba mu 2027. Kwa Huddersfield n'kubwerera kumene anachokera, chifukwa mu 1883 khonsolo ya tauniyi inali yoyamba ku Britain kuyendetsa yokha mathiramu ake, ndipo mabasi ake oyendera nthambo zamagetsi anayenda mpaka 1968.

Wachilendo
Ndaphunzira zambiri. Nanga Railcard imene anthu amanena ija ndi yothandiza?

Wa Njanji
Kwambiri. 16-25 Railcard, khadi ya achinyamata a zaka 16 mpaka 25, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, ndipo mtengo wake ndi £35 pa chaka kuyambira March 2025. Wophunzira wa tsiku lonse akhoza kuigula ngakhale atapitirira zaka 25, bola yunivesite itsimikize pa fomu. Koma ili ndi lamulo lobisika: Lolemba mpaka Lachisanu, isanakwane 10 koloko m'mawa, tikiti yotsitsidwa ndi khadiyi siingakhale yochepera £12, kupatula tikiti za Advance komanso mu July ndi August. Kuchokera ku Huddersfield kupita ku Leeds kapena ku Dewsbury mtengo ndi wochepa kale, ndiye munthu akagula tikiti yotsitsidwa ya sitima ya 10:15 n'kukwera nayo ya 8 koloko, imatengedwa ngati alibe tikiti. Khadiyo ikhalenso nanu nthawi zonse. Ngati ili pa foni, foni isathe moto.

China: kuno kumpoto tikiti zambiri za Off-Peak za maulendo afupiafupi sizigwira madzulo a pakati pa sabata, kuyambira 4 koloko mpaka cha m'ma 6:30. Ndipo tikiti ya MCard ya sitima imathera pa malire a West Yorkshire. Kulowera ku Manchester, siteshoni yomaliza ndi Marsden. Sitima ikangolowa pansi pa phiri la Standedge n'kutulukira ku Greenfield, muli m'chigawo china ndipo pafunika tikiti ina. Pa njanji ya ku Sheffield, yodutsa Lockwood, Honley, Shepley ndi Barnsley, malire ali pa Denby Dale. Njanji imeneyo ndi ya Northern, mbali yaikulu ndi njira imodzi yosapatukirana, sitima imodzi pa ola, ndiye mukaiphonya mwataya ola lathunthu.

Sitima ikachedwa ndi mphindi 15 kapena kuposa, funsani ndalama kudzera mu ndondomeko yobwezera ndalama ya Delay Repay kwa kampani yomwe yakuchedwetsani, pasanathe masiku 28. Mphindi 15 mpaka 29 amabweza gawo limodzi mwa magawo anayi a tikiti ya ulendo umodzi, 30 mpaka 59 theka, ola limodzi yonse. Musalole makina a pa chipata ameze tikiti yanu tsiku lotero, muonetseni wa pa chipata kuti akutsegulireni, kenako ijambuleni.

Malume a ku Fartown
Muwauzenso kuti Slaithwaite, siteshoni yomwe ili pakati pa Huddersfield ndi Marsden, eni ake amaitchula "Slawit". Mukaitchula monga yalembedwera akumvani, koma iwo akailengeza mwina inu simuizindikira.

Tsopano za khonsolo, funso lanu lachitatu lija. Dzina loti mufufuze si Huddersfield ayi, ndi Kirklees Council, yomwe inakhazikitsidwa mu 1974 pophatikiza Huddersfield, Dewsbury, Batley, Holmfirth ndi madera ena. Ili ndi malo awiri omwe anthu amawasokoneza. Civic Centre ndi nyumba zamakono zomwe zili cha ku Market Street ndi High Street, pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo khothi la majisitireti lili pomwepo. Town Hall ndi nyumba yakale ya mwala pa Ramsden Street, mphindi khumi kuchokera pa siteshoni, kudzera John William Street ndi New Street.

Town Hall inamangidwa m'zigawo ziwiri, wojambula wake John Abbey. Chigawo cha maofesi, choyang'ana Ramsden Street, chinatha m'ma 1870, ndipo holo yaikulu ya zoimbaimba kumbuyo kwake inatsegulidwa mu 1881. Imalowa anthu pafupifupi 1,200, ili ndi limba lalikulu la mapaipi lopangidwa ndi Henry Willis, ndipo kwaya ya Huddersfield Choral Society, yomwe inayamba mu 1836, imaimbira momwemo. Popeza nyumbayi ili ndi zipata m'misewu yosiyana, werengani bwino kalata yokuitanani kuti mulowere kuti.

Ndi nyumba yoyenera ulemu, chifukwa tauni imeneyi inadzigula yokha. Kwa zaka mazana atatu ndi kuposerapo malo ambiri a pakati pa Huddersfield anali a banja limodzi, a Ramsden, n'chifukwa chake misewu ili ndi mayina awo. Mu 1920 khonsolo inagula malo onsewo pa mtengo wa mapaundi 1.3 miliyoni.

Nasibeko
Pepani ndilowererepo ndi funso langa, poti mwatchula Town Hall. Kalata ya kubadwa kwa mwana amalembetsera komweko?

Mayi a Mapasa
Eya achemwali, ofesi yolembetsa kubadwa, imfa ndi maukwati ili mu Town Hall momwemo, koma simungangofika, mumayamba mwapangana nawo tsiku kudzera pa webusaiti ya khonsolo. Mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42. Tcherani khutu apa: lamulo limati mwana amalembetsedwa m'dera lomwe wabadwira, osati komwe makolo amakhala. Amayi ambiri a ku Huddersfield amakachirira ku Calderdale Royal Hospital ku Halifax, chifukwa madokotala a uchembere ali kumeneko. Halifax ili pansi pa khonsolo ya Calderdale. Mukhoza kukapereka mfundo zonse ku Huddersfield, iwo n'kuzitumiza, koma satifiketi idzachokera ku Calderdale ndipo imachedwerapo. Ngati mukufulumirira pasipoti ya mwana, pitani ku Halifax mwachindunji.

Za ukwati, mumapereka chidziwitso masiku osachepera 28 lisanafike tsiku, ndipo ngati mmodzi wa inu ali pa visa, a Home Office, unduna woona zolowa ndi kutuluka, akhoza kutalikitsa mpaka masiku 70. Musalipiriretu holo ndi ophika tsiku lisanatsimikizike. Mwambo wolandira unzika wa Britain umachitikanso kudzera mu ofesi yomweyi.

Chipatala cha m'tauni muno, Huddersfield Royal Infirmary, sichili pakati pa tauni. Chili ku Lindley pa Acre Street, makilomita atatu kumtunda, ndipo mabasi a 370, 371 ndi 372 amalowera kumeneko kudzera ku Marsh. Mukafika ku Lindley muonanso nsanja ya wotchi yomwe anajambula Edgar Wood, ya mu 1902.

Namaseko
Laibulale ndiye asamale nayo, mapu akale amasocheretsa. Nyumba yake yodziwika, ya mu 1940 pa Princess Alexandra Walk, yokhala ndi ziboliboli ziwiri zokhala pansi m'mbali mwa masitepe, inatsekedwa, ndipo mabuku anasamutsidwira kaye ku Civic Centre. Laibulale yatsopano malo ake ndi pa msika wakale wa Queensgate, womwe unatsegulidwa mu 1970 n'kutsekedwa mu 2022, pansi pa ntchito ya khonsolo yotchedwa Our Cultural Heart. Msikawo sanaugwetse wonse chifukwa denga lake ndi lotetezedwa: maambulera 21 a konkire, lililonse litaima pa nsanamira imodzi, ena okwera ena otsika, kuti kuwala kuzilowa m'mipata ya magalasi pakati pawo. Afunse pa webusaiti ya Kirklees Libraries kuti sabata imeneyo khomo lotsegula ndi liti. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo makompyuta ndi intaneti salipiritsa. Yunivesite ili kutsidya kwa msewu wa Queensgate, pafupi pomwepo, mphindi 15 poyenda pansi kuchokera pa siteshoni.

Mzambia wa ku Lockwood
Kwa oyendetsa galimoto odzamuchingamira: pakati pa tauni pazunguliridwa ndi msewu wa ring road, ndipo m'kati mwake muli timisewu tololedwa mabasi, matakisi ndi njinga zokha, tokhala ndi makamera. Chikwangwani chake ndi chabuluu chokhala ndi chithunzi cha basi. Foni ikhoza kukulozerani momwemo, kalata ya chindapusa n'kubwera patapita sabata. Pa msewu waukulu wa M62 gwiritsani ntchito mphambano 24 ku Ainley Top. Ya 23 ndi ya mbali imodzi, imatumikira okhawo ochokera kapena opita ku Manchester.

Takisi zoima pa mzere kutsogolo kwa siteshoni ndi zololedwa kunyamula munthu pompo. Zinazo, zolembedwa "private hire", ziyenera kuitanidwa kaye pa foni kapena pa app. Mukaimitsa yotereyi pamsewu, inshuwalansi yake siikuphimbani.

Wachilendo
Funso lomaliza akuluakulu, kupita ku London kukaona abale?

Wa Njanji
Pa Huddersfield penipeni palibe sitima yopita ku London osasintha. Njira ndi zitatu. Kupita ku Leeds, mphindi 20 pa yothamanga, n'kukwera sitima ya LNER mpaka siteshoni ya King's Cross ku London. Kupita ku Manchester Piccadilly n'kukwera ya Avanti West Coast mpaka siteshoni ya Euston. Kapena kukakwerera Grand Central ku Mirfield kapena ku Brighouse, yomwe imapita ku King's Cross osasintha koma imayenda kangapo kokha pa tsiku. Apa ndiye pomwe Advance imapindula, mukagula masabata angapo lisanafike tsiku. Gulani ulendo wonse nthawi imodzi kuchokera ku Huddersfield, kuti sitima yoyamba ikachedwa akulolani kukwera yotsatira popanda kulipiranso. Basi ya National Express yochokera pa depoti kupita ku London Victoria ndiyo yotchipa, koma konzekerani maola asanu kapena kuposa. Pa 25 December kulibe sitima konse, ndipo pa 26 ndi zochepa kwambiri.

Malume a ku Fartown
Akakhazikika, tsiku lopanda mitambo mupite naye ku Castle Hill, pamwamba pa Almondbury. Nsanja yomwe imaoneka paphiri kulikonse komwe mungaime m'tauni ndi Victoria Tower, yomangidwa pokumbukira zaka 60 za ufumu wa Mfumukazi Victoria, n'kutsegulidwa mu 1899. Ndi yotalika mamita 32, masitepe 165, ndipo imatsegulidwa masiku owerengeka okha, makamaka kumapeto a sabata m'chilimwe ndi pa tchuthi, pamene phirilo ndi lotsegula nthawi zonse. Muli pamwambapo muona zigwa za Colne ndi Holme pomwe zimakumanira, njanji ikukwawa m'chigwa kulowera ku Marsden, ndi mlongoti wa wailesi wa Emley Moor kum'mawa. Basi imakusiyani m'munsi, kotsalako n'kokwera ndi miyendo. Mphepo ya pamenepo ndi yoopsa ngakhale mu July, avale jekete yochindikala ndi nsapato zosaterera.